Zomwe Zinatuluka mu Fulashi ya Aziz

Mvula ya Freddy itagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba za ku Chilobwe, thupi la Aziz analipeza kumunsi, pafupi ndi mtsinje, litakodwa m'mizu ya mtengo wa mango. Mwana wake Sumaiya, wa zaka zisanu ndi chimodzi, sanamupeze. Anafukula amuna ndi makasu, anafukula asilikali, kunabwera ngakhale agalu onunkhiza, koma matope aja sanabweze mwanayo.

Aziz anakamuika kwawo ku Lirangwe. Amalume ake a Salumu, amene anasambitsa thupi, anapeza makiyi a nyumba m'thumba la buluku, ndipo pa waya wa makiyiwo panali kafulashi ka kompyuta, kofiira, kodzaza matope. Anatsuka makiyiwo n'kuwapereka kwa Fatima, mkazi wa malemuyo. Fatima anapulumuka chifukwa sabata imeneyo anali ku Lirangwe komweko, kudwazika apongozi ake a Mwanahamisi amene anathyoka mwendo. Mwana anamusiya ndi bambo ake kuti asajombe kusukulu ndi kumadrasa. Anati abwerera Lamlungu, koma mvula sinamulole.

Ntchito ya Aziz inali yojambula. Ankajambula maukwati, zinkhoswe, ana omaliza sukulu ya mkaka, aliyense womuitana. Kamera, laputopu ndi foni yake yaikulu zonse zinapita ndi nyumba. Fatima anali ndi kafoni kamabatani kosajambula. Pakhoma la nyumba ya ku Lirangwe panali chithunzi chimodzi cha Aziz ali mu Fomu 2, tayi itapendekera. Cha Sumaiya chinali mu foni ya Jamila, mlongo wake wa Aziz, koma chinali cha ali wakhanda, atakulungidwa m'thaulo. Zina zonse Jamila anazifufuta foni itadzaza, podziwa kuti achimwene ali nazo.

Jamila ankagwira ntchito pa kampani ina yotulutsa katundu pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Iye ndi amene ankayang'anira makompyuta a pa ofesipo, ndipo ankachita lendi chipinda chimodzi chakufupi ndi msika. Chichitikireni maliro, Loweruka lililonse ankakwera minibasi kupita ku Lirangwe. Loweruka lina, mwezi wa Ramazani utayamba, anapeza Fatima atakhala pamphasa kuchipinda. Anali pa eda, masiku amene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayendayenda. Fatima anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kafulashi kaja.

"Alamu, ndinatumiza kwa Jimu wa pamsika uja, woika nyimbo m'mafoni," anatero Fatima. "Akuti kompyuta yake ikuona kuti muli chinthu chimodzi chachikulu, koma chikukana kutseguka. Akuti akhoza kuipukuta kuti izigwiranso ntchito. Ine ndakana."

"Mwachita bwino kukana," anayankha Jamila.

"Muli vidiyo ya Sumaiya. Tsiku lomwe anamaliza sura ya mu Korani ya Alhamdu kumadrasa, anaima pakhonde atafunda mpango wanga wobiriwira, n'kuinena yonse osalakwitsa. Bambo ake anajambula pa foni. Anandiuza okha kuti aisunga umu." Fatima anayang'ana zala zake. "Mawu ake ayamba kundithawa, alamu. Nkhope ndikuiona, koma ndikati ndimve mmene ankanenera kuti amama, ndikumva mawu a ana a eni."

Jamila sanalonjeze kanthu. Anangoti ayesa, n'kuika fulashiyo m'kathumba ka m'kati mwa chikwama.

Lolemba ku ofesi kunali piringupiringu. Ndege zinkabweretsa katundu wothandizira anthu a m'makampu, matenti, mabulangete, mankhwala, ndipo aliyense ankafuna kuti zake zituluke tsiku lomwelo. Jamila anadikira nthawi ya nkhomaliro. Popeza ankasala, ola limenelo linali lake. Anatsuka kamwa ya fulashi ndi sipiliti ndi kamswachi, anaiyanika pawindo, kenako anailowetsa mu kompyuta yake.

Sanadine pa zithunzi za pa sikirini ngati mmene amachitira anthu ambiri. Anatsegula teminolo, kawindo kakuda kopanda chithunzi chilichonse, komwe munthu amalemba yekha malamulo ndipo makina amayankha ndi mawu okhaokha. Ankakakonda kawindo kameneka chifukwa chinthu chikakanika kamanena pomwe chakanikira. Aziz ankamuseka nako, ankati mlongo wake amacheza ndi mdima.

Mu fulashimo munalidi fayilo imodzi yokha, dzina lake zonse.zip. Jamila ndiye anaphunzitsa achimwene ake kupanikiza mafayilo pamodzi chonchi, ndipo ankadziwa kuti sankaika mawu achinsinsi chifukwa ankaiwala. Anayesa kukopera fayiloyo ku kompyuta, koma itatsala pang'ono kutha inaima. Fulashi inali itaola mbali ina. Anatenga lamulo lina, la ddrescue, lomwe limakopera pang'onopang'ono, likapeza poola limadumpha n'kudzabwereranso. Analisiya likugwira ntchito masana onse, iye akuthamanga ndi makina osindikizira omwe ankangotafuna mapepala. Pofika nthawi yoweruka linali litatola zomwe likanatha. Kumapeto kwa fayilo kunatsala mabowo.

Mawa lake analemba kuti unzip zonse.zip, n'kudina batani. Yankho linabwera nthawi yomweyo, mizere yochepa ya Chingerezi: mapeto a fayilo sakupezeka, mwina si zipi n'komwe.

A Prisca, amene ankakhala pa desiki yoyandikana naye ndipo anali wamkulu kwa iye, anali atatsegula kontena ya chakudya. Ataona nkhope ya Jamila anaitsekanso.

"Yakana?"

"Yakana, asisi."

"Ndiye kuti zonse zapita?"

"Ayi, mwina ayi. Zili ngati belo ya kaunjika. Zovala zapanikizidwa m'kati, koma chosonyeza kuti muli chakuti, chili pakuti, amachiika kumapeto kwenikweni. Kumapetoko n'kumene kwaola. Makina akufuna ayambire kumeneko, ndiye akungoti palibe kanthu."

"Nanga sungaing'ambe beloyo n'kumatulutsa chimodzichimodzi?"

"N'zimene ndikufuna kuchita."

Analemba lamulo lina: zip -FF zonse.zip --out yokonza.zip. Lamulo limeneli silidalira za kumapeto. Limayamba kumutu kwa fayilo, n'kumafufuza pomwe payambira chinthu chilichonse, n'kumachisamutsira mu zipi yatsopano. Makina anamufunsa ngati fayiloyo ndi imodzi yokha kapena ili ndi zidutswa zina. Anayankha kuti ndi imodzi. Kenako mayina anayamba kutsika pa kawindo kakuda kaja, mzere pambuyo pa mzere, mofulumira moti maso sakanatha kuwerenga onse. Chinkhoswe cha uje. Ukwati wa uje. Ukwati wa Majidu. Jamila anagwira m'mphepete mwa desiki.

Zitatha, analemba unzip yokonza.zip. Ulendo uno inayamba kutulutsa. Mafayilo a maukwati anatuluka bwinobwino, foda ndi foda, motsatira zilembo. Foda yomaliza inali zakunyumba. Itangofika pamenepo mizere inasintha. Fayilo iliyonse inkabwera ndi dandaulo pambali pake, ina yaduka, ina siikugwirizana ndi mmene inalili poilowetsa, ndipo mayina ena anali zilembo zosokonekera zosawerengeka. Kenako kanzere koyera kanayamba kuphethira pansi, kudikira lamulo lina.

Jamila analowa mu foda ya zakunyumba. Dzina analipeza: sumaiya_alhamdu.mp4. Anaitsegula, sikirini inangoti bii. Anayesa pulogalamu ina, kenako ina. Anayang'ana kukula kwa fayiloyo n'kuona kuti yatuluka chidutswa chabe. Ankadziwa kuti vidiyo ya pa foni nayo imasunga kumapeto zomwe zimauza makina mmene angaiwerengere, ndipo mapeto akewo anali m'mabowo aja. Anabwerera ku fulashi n'kuiwerengetsanso malo oolawo masana onse ndi tsiku lotsatira. Sipanatuluke kanthu kena.

Pa zithunzi zonse za m'fodamo, chimodzi chokha n'chimene chinatseguka. Chinayamba bwino kuchokera pamwamba: malata a khonde, chingwe choyanikapo zovala, mpango wobiriwira, chipumi, nsidze, maso awiri akuyang'ana mwamanyazi. Kuyambira pa mphuno kutsika pansi panali potuwa ngati phulusa.

"Ichi sindingawaonetse alamu," anatero Jamila.

A Prisca anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Usamusankhire, Jamila. Mwana ndi wake."

Lachinayi anatsegula vidiyo imodzi ya ukwati, kungofuna kuona ngati za pa kamera zinapulumukadi. Anavala mahedifoni. Panaoneka anthu osawadziwa ataima pamzere kutsogolo kwa holo, ndipo mwadzidzidzi m'makutu mwake munalankhula munthu, pafupi kwambiri ngati waima kumbuyo kwake.

"Amayi a kuchimuna, sunthirani kuno pang'ono. Eya, pomwepo. Agogo, musaope, siiluma iyi."

Jamila anavula mahedifoni n'kuwaponya pa desiki. Anatuluka panja, anazungulira kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, n'kukhala pa thabwa lina. Ndege ya masana yochokera ku Joni inali ikutera, ndipo phokoso lake linamuthandiza, chifukwa palibe amene anamumva. Pa maliro sanalire kwambiri. Iye ndi amene ankathamanga ndi za galimoto, za nsalu, za amayi osatha kuyenda. Analira tsiku limenelo, kuseri kwa malata, mpaka mlonda anabwera, anamuona, n'kubwerera mwakachetechete.

Kuyambira pamenepo, nthawi ya nkhomaliro iliyonse ankaonera maukwati a eni. Aziz sankaoneka paliponse, koma mawu ake anali monsemo. Ankauza akwati kuti ayende pang'onopang'ono, ankaseka yekha mwamuna wina akagwa povina, nthawi zina ankang'ung'udza nyimbo motsatira oimba ataiwala kuti kamera ikumumva. Jamila ankalemba pomwe mawuwo akumveka bwino kuti adzawadule n'kuwaika pamodzi, amayi akamve. A Prisca anasiya kudyera pa desiki. Ankadya panja mofulumira n'kubwera kudzakhala pambali pake.

Sabata yotsatira anafika pa ukwati wa Majidu. Kamera inali panja pa holo, ikudikira galimoto ya akwati. Azimayi ankaimba, ana ankathamangathamanga. Kenako kuchokera kumanzere kunalowa kamtsikana ka diresi lachikasu, katanyamula botolo la fanta ndi manja awiri, lamba wa nsapato imodzi akukhwekhwereka. Kanabwera molunjika mpaka nkhope yake inadzaza sikirini yonse. Kanaseka, ndipo kutsogolo kunalibe dzino limodzi.

"Ababa, ndioneni."

"Sumaiya, choka kutsogoloko. Ndili pa ntchito."

"Ndioneni kaye."

"Ndakuona. Pita kwa anzako."

Mwanayo anatulutsa lilime, anatembenuka n'kuthamanga, fanta ikutayikira pa diresi. Kamera inabwerera ku msewu, kukadikiranso galimoto ya akwati ija. Zonsezo zinatenga nthawi yomwe munthu angamwere kapu ya madzi.

A Prisca anagwira mkono wa Jamila. Jamila anabweza vidiyoyo, anaonanso, kenako anaikopera malo osiyanasiyana, mu kompyuta, mu foni, mu fulashi yatsopano, ngakhale mu imelo yake.

Loweruka anapempha abwana kuti atenge laputopu ya ku ofesi. Anakwera kabaza mpaka pa msewu waukulu, n'kupeza minibasi ya ku Lirangwe. Njira yonse chikwama anachikumbatira pachifuwa. M'mbali mwa msewu chimanga chinali chitagona m'minda, ndipo pena madzi anali atadya msewu mpaka minibasi inkadutsa mokwawa. Ankayeseza mumtima mmene akayambire, chabwino kaye kapena choipa kaye, koma pofika pa siteji anali asanasankhe.

Anapeza a Mwanahamisi atakhala pakhonde, mwendo wa chikhakha atautambasula pa mpando. Anawathandiza kulowa m'nyumba, anaitana Fatima, n'kuika laputopu pa tebulo laling'ono. Anatseka zenera kuti dzuwa lisawalire pa sikirini.

"Yatseguka?" anafunsa Fatima.

"Zina zatseguka, alamu. Onani kaye izi."

Anayamba ndi mawu a Aziz omwe anadula aja. A Mwanahamisi atangomva "Agogo, musaope," anatembenukira kukhomo, ngati mwana wawo walowa. Kenako anazindikira, n'kugwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu akugwedeza.

"Kuseka kumeneko n'kwa bambo ake," anatero. "Ndinali nditaiwala kuti ankaseka chimodzimodzi."

Jamila anatsegula ya ukwati wa Majidu. Kamtsikana ka diresi lachikasu katalowa, Fatima sanakuwe, sanasunthe. Anangotsegula pakamwa pang'ono. A Mwanahamisi ndi amene analankhula, ndipo analankhula ndi laputopuyo.

"Aziz, tamusiya mwana. Wakulakwira chiyani? Musiye aime pomwepo."

Koma mwanayo anali atathamanga kale.

"Bwezani," anatero Fatima.

Jamila anabweza. Fatima anasendera pafupi mpaka mpweya wake unachita nthunzi pa sikirini.

"Bwezaninso."

Ulendo wina uliwonse Fatima ankaona china. Diresilo anasoka ndi telala wa pa Chilobwe, ndipo linali lalitali dala kuti akule nalo. Dzinolo linachoka akudya chimanga chootcha, analira poona magazi, kenako anayenda nalo m'manja tsiku lonse kuonetsa anthu. Lamba wa nsapatoyo Fatima anati akamusokera Loweruka, n'kuiwala. Ankanena zimenezi ndi mawu wamba, ngati akufotokozera mlendo. Jamila ankangobweza akauzidwa.

Patapita nthawi Fatima anawongoka. "Nanga ya kumadrasa ija?"

"Ija yakanika, alamu. Dzina lake lilipo, koma yatuluka yoduka. Mbali ya fulashi yomwe inali za kunyumba ndi imene madzi anaononga. Ndayesa njira zonse zomwe ndikudziwa."

"Zonse za kunyumba?"

"Chatsala chithunzi chimodzi, koma si chathunthu. Mukafuna ndikuonetsani, mukapanda kufuna ndisiya."

"Ndionetseni."

Chithunzi chija chinatseguka. Fatima anayang'ana malata, chingwe, mpango wake, maso a mwana wake.

"Tsitsani pansi."

"Palibe pansi, alamu. Chathera pomwepo."

"Tsitsani pang'ono pokha, ndione pakamwa."

"Palibe."

Fatima anatambasula dzanja n'kuphimba mbali yotuwayo ndi chikhatho, kusiya maso okha. Anakhala choncho. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo kulira komwe kunatuluka kunali kwa pansi pamimba, kosaneneka, moti anthu oyandikana nawo anabwera kudzaima pakhomo poganiza kuti kwabwera uthenga wakuti mwana wapezeka. A Mwanahamisi anadzikoka pa mphasa ndi mwendo wawo wolemera uja mpaka anamufikira mpongozi wawo, n'kumugoneka mutu pamiyendo. Jamila anatuluka kukauza anthu aja kuti palibe uthenga, n'zithunzi chabe.

Azana yoitanira anthu ku pemphero la kumadzulo itamveka kuchokera ku mzikiti wa pamsika, m'nyumbamo munalibe amene anakoleza moto. Mayi wina woyandikana nawo anabweretsa phala la mpunga m'mbale yovindikira. Anamasula kusala ndi madzi, anadya phalalo pang'ono. Jamila anatenga kafoni ka Fatima, anaikamo memore khadi yomwe anakonzeratu, momwe munali kavidiyo kaja atakachepetsa kuti kakwane pa sikirini yaing'onoyo. Anamuonetsa mabatani oti azidina. Nkhope ya Sumaiya inali ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma mawu ankamveka.

Atabwerera ku Chileka, Jamila anaganizira za maukwati ena aja. Ambiri mwa eni ake anali a ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo ankadziwa kuti ena mwa iwo analibenso nyumba, ngakhale chithunzi chimodzi. A Prisca anatumiza mayina a mafodawo ku magulu a pa foni a kutchalitchi kwawo, a Salumu anakanena ku mizikiti ya m'tauni. Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi. Ena ankangolandira n'kuthokoza. Mayi wina anapempha kuti aonere pomwepo, ndipo ankaloza anthu pa sikirini n'kumati uyu alipo, uyu anapita, uyu sanapezeke. Mafoda ena palibe amene anabwera kudzawafunsa.

Majidu anabwera Idi itadutsa. Anali mwamuna wamtali, wowonda, atavala jekete lomukulira lomwe mwachionekere anachita kupatsidwa. Anati iye ndi mkazi wake Edina anapulumuka ndipo akukhala kwa achibale ku Lunzu, koma mayi ake anapita ndi madzi. Jamila anamupatsa mpando n'kumutsegulira vidiyo. Majidu anaona mayi ake akuvina kutsogolo kwa azimayi anzawo, chitenje atamanga m'chiuno, ndipo anaseka misozi ikutsika. Kamtsikana ka diresi lachikasu katadutsa, analoza.

"Uyu si mwana wa a Aziz?"

"Ndi yemweyo. Ine ndine azakhali ake."

"Ali kuti pano?"

Jamila anapukusa mutu. Majidu anayang'ana pansi, n'kunena mawu a pemphero chapansipansi. Kenako anati:

"Mwana ameneyu anativuta tsiku limene lija. Titamaliza ku holo, tikupita kojambulitsa, anakakamira chitseko cha galimoto yathu kuti akwera ndi akwati. Bambo ake anamukalipira, iye osasiya. Mkazi wanga anati mulekeni akwere. Anakhala pakati pathu, pa diresi la mkwatibwi penipeni, ndi manja ake a fanta aja. Njira yonse ankabayibitsa anthu pawindo ngati ukwati ndi wake. Anauza dalaivala kuti aziimba hutala kwambiri, anthu sakumva."

"Achimwene sanajambule zimenezo?"

"Anali pa njinga yamoto kutsogolo, kuthamangira kuti akatijambule tikutsika. Sanaone."

Loweruka lotsatira Jamila anapeza Fatima kuseri kwa nyumba, akutong'ola chimanga chochepa chomwe chinapulumuka kumunda kwa apongozi ake. Anali ataonda, koma anamulonjera ndi mawu omveka. Jamila anakhala pansi, anatenga chisononkho, n'kuyamba kuthandiza. Anamufotokozera za Majidu, za chitseko cha galimoto, za diresi la mkwatibwi, za hutala.

Fatima anasiya kutong'ola.

"Anakhala pakati pa akwati?"

"Akuti pakati penipeni."

"Anandiuza," anatero Fatima. "Atabwera madzulo ake anandiuza kuti amama, ine ndakwera galimoto ya maliboni, ndakhala ndi mkwatibwi. Ine ndinamuuza kuti asiye bodza, Mulungu sakonda ana onama. Anakwiya, anakagona osadya."

Fatima anatola chimanga china m'dengu, anachiyang'ana, n'kuchibwezera.

"Bambo amenewo mukadzawaonanso, alamu, mudzawafunse kuti galimotoyo inali ya mtundu wanji. Iye ankati inali yoyera."